Jeanne Jugan Woyera: Mai Amene Adamlanda Nchito Yake, Iye Nakhala Chete

M'nyumba zambiri za Akristu muli nkhalamba kapena wodwala amene sangathe kudzithandiza yekha. Ndipo pali wina amene amamphikira phala m'mawa, namsambitsa, namchapira zobvala, namtulutsa pabwalo kuti aothere dzuwa. Nchito imeneyi njolemetsa manja ndi msana, koma onse amene adaigwirapo adziwa kuti katundu woposa ali pa lilime. Tsiku lina wodwalayo atukwana iwe amene uli kumsamala. Tsiku lina mbale wa kutali afika ndi kaphukusi ka shuga, ndipo mayamiko onse apita kwa iye. Pamenepo mau adzaza m'kamwa, ndipo munthu adzifunsa mumtima kuti: Kodi ndinene, kapena ndikhale chete? Mwezi uno tikusimbirani mbiri ya mai wina wa ku France amene funso limeneli lidamgwera, nakhala nalo zaka zoposa 35.

Jeanne Jugan adabadwa pa 25 Okotobala 1792 ku Cancale, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja yamchere, m'chigawo cha Bretagne. Idali nthawi yoipa. Dziko la France lidali pa chipolowe chachikulu, mfumu adaichotsa pampando, machalichi ambiri adatsekedwa, ansembe ena adathawa ndipo ena ankabisala. Ana ankaphunzira katekisimu mobisa kwa amai opembedza a m'mudzi. Jeanne asanakwane zaka 4, atate ake adapita panyanja osabwerako, mai ake natsala okha kulera ana. Mtsikanayo adaweta ng'ombe, naphunzira kupota ubweya ndi kuluka. Atasinkhuka adalowa nchito ya kukhichini kwa mai wina wolemera, amene ankamtenga pokayendera odwala ndi amphawi. Mnyamata wina wa panyanja adamfunsira ukwati, koma iye adakana, nauza mai ake kuti Mulungu ali kumsungira nchito ina imene idali isanadziwike.

Nchito imeneyo idachedwa kuoneka. Ali ndi zaka 25 adapita ku mzinda wa Saint-Servan, natumikira odwala m'chipatala cha Le Rosais zaka 6, kufikira mphamvu zidamthera. Pambuyo pake adakhala zaka 12 m'nyumba ya mai wina wopembedza, namtumikira mpaka maiyo adamwalira m'chaka cha 1835. Tsono adachita lendi tizipinda tapamwamba pamodzi ndi mai wina wachikulire, dzina lake Françoise Aubert, ndipo adalandiranso mtsikana wamasiye, Virginie Trédaniel. Ankadya za thukuta lao, nagawirako osowa.

M'nyengo ya chisanu ya chaka cha 1839, Jeanne ali ndi zaka 47, adapeza mai wokalamba, Anne Chauvin, wakhungu ndi wopuwala, alibe womsamala. Sadakafunse kwa munthu ali yense. Adambereka kumsana, nakwera naye pa makwerero opapatiza a nyumba ija, namgoneka pa bedi lake, iye mwini nakagona m'kachipinda ka kudenga. Posachedwa adabwera nayo nkhalamba yachiwiri, kenaka yachitatu. Pofika 1841 adali kusunga nkhalamba 12, ndipo m'chaka chotsatira adapeza nyumba yakale ya asisitere, momwe mudalowa anthu 40. Atsikana ena adadza kudzamthandiza, mmodzi wa iwo ndiye Marie Jamet. Umu ndi momwe chidayambira chipani chimene pa Chifalansa achitcha Petites Sœurs des Pauvres, ndiko kuti Asisitere Aang'ono a Amphawi. Pa malumbiro atatu a asisitere onse, iwo adaonjeza lachinai, lolandira osowa ngati alendo a Mulungu.

Nanga chakudya cha anthu onsewa chikadachokera kuti? Nkhalamba zambiri zimene adazitola zidali zopemphapempha m'miseu. Jeanne adati zipumule, iye apite kukapempha m'malo mwao. Adanyamula dengu, nayenda khomo ndi khomo, mudzi ndi mudzi, pa dzuwa ndi pa mvula. Apa tiyenera kuzindikira chinthu chimodzi, chifukwa ndicho chitsegula mbiri yonseyi: Jeanne sadali munthu wamanyazi wosowa mau ai. Pamaso pa olemera ndi akuluakulu a boma ankalankhula mosaopa, ndipo akamkana lero, mawa ankabweranso. Amasimba kuti munthu wina, atatopa ndi kupempha kwake, adammenya khofi. Jeanne sadakwiye. Adayankha mofatsa kuti khofilo walilandira likhale lake, koma tsopano ampatse kanthu ka amphawi ake. Munthu uja adachita manyazi, napereka.

Khofi la munthu wachilendo lipola msanga. Lina lidali kudza, lochokera m'nyumba momwemo.

Ku Saint-Servan kudali wansembe wachinyamata, Bambo Auguste Le Pailleur, amene ankalangiza Marie Jamet ndi Virginie pa za mzimu, nathandizanso kagulu kaja pa chiyambi. Pa 8 Disembala 1843 asisitere adasankhanso Jeanne kuti akhale mkulu wao, monga adachitira chaka chapitacho. Patangopita masabata awiri, pa 23 Disembala, Bambo Le Pailleur adafafaniza chisankhocho mwa mphamvu zao zokha, naika Marie Jamet, wa zaka 23, pa mpando wa Jeanne. Mlandu padalibe. Mtsikanayo adali wosabvuta kumlamula, ndipo ndicho chidali chifukwa chake. Jeanne adanyamulanso dengu lake, nabwerera kumseu.

Taganizani, abale, mmene zinthu zidaliri. Anthu a kunja ankadziwa Jeanne yekha. M'chaka cha 1845 bungwe lomveka la Académie française ku Paris lidampatsa mphotho ya Montyon, ndalama zokwana mafranki 3,000, chifukwa cha nchito yake ya chifundo, ndipo kalata yompempherera mphothoyo idasainidwa ndi akuluakulu a mzinda wake. Nyuzipepala zidalemba dzina lake. Ndiye adatsegula njira ya nyumba zatsopano ku Rennes ndi ku Dinan m'chaka cha 1846, ndi ku Angers m'chaka cha 1850. Akadangotsegula pakamwa kamodzi kokha pamaso pa anthu amene ankamkonda, ambiri akadaima kumbuyo kwake. Sadanene kanthu. Ndalama zonse zimene ankatola ankazipereka m'manja mwa omwe adamchotsa.

M'chaka cha 1852 Ambuye Episkopi a ku Rennes adabvomereza chipanicho, ndipo Bambo Le Pailleur adakhala mkulu wa chipani chonse. Pomwepo adaitana Jeanne ku nyumba yaikulu, namuuza kuti asapitenso kukapempha, ndiponso aleke kuonana ndi abwenzi amene ankathandiza nchitoyo. Adali ndi zaka pafupifupi 60. Mu 1856 nyumba yaikulu idasamukira ku La Tour Saint-Joseph, m'mudzi wa Saint-Pern, ndipo kumeneko adamuika pakati pa atsikana ophunzira usisitere, wopanda udindo uli wonse. Mbiri ya chipani idayamba kusimbidwa mwa njira ina: woyambitsa adasanduka Bambo Le Pailleur, ndipo Jeanne ankamwerenga ngati sisitere wachitatu. Atsikana mazana ambiri adadya naye, nasoka naye, napemphera naye, osadziwa kuti nkhalamba yaitali ija, imene ankaitcha Sisitere Maria wa Mtanda, ndiyo idabereka Anne Chauvin kumsana. Kuchokera 1852 kufikira imfa yake zidapita zaka 27.

Tsono wina afunsa kuti: Kodi kumeneku sikupusa? Kodi kukhala chete pamaso pa bodza sikuthandiza bodzalo? Funsoli nlabwino, ndipo tisalithawe. Chimene Bambo Le Pailleur adachita chidali choipa, ndipo unsembe wao sudachisandutse chabwino. Jeanne yemwe sadanene konse kuti nchabwino. Asisitere adasimba kuti tsiku lina adawauza abambowo pamaso kuti amlanda nchito yake, koma iye awapatsa ndi mtima wonse. Onani mmene adachitira: choipacho adachitchula dzina lake, kwa mwini wake, pamaso, osati kumbali. Atatero sadachiyendetse m'makomo.

Ife tiganiza kuti adaona chimene ambiri a ife sitiona tikapsa mtima. Chipani chidali chanthete. Akadautsa mlandu, asisitere akadagawikana, ena kwa iye, ena kwa abambo. Othandiza akadabweza manja ao, ndipo oyamba kugona ndi njala sakadakhala Jeanne kapena Bambo Le Pailleur, koma nkhalamba zija. Chimene adalandidwa chidali dzina ndi mpando. Mbale za amphawi zidali zodzaza, mabedi ao adali oyala. Pa chifukwa chimenechi adatha kukhala chete. Ndipo pamene nkhani idakhudza amphawi eni ake, mau ake adamveka. M'chaka cha 1865 munthu wina adasiyira chipanicho chuma choti chizibala ndalama chaka ndi chaka, ndipo akuluakulu adasowa chochita. Nthawi imeneyo adaitana Jeanne ku upo, iye naima pa maganizo akuti asisitere apitirize kudalira Mulungu ndi dengu lopemphera, kuti angaiwale umphawi wa anthu amene awasunga. Chumacho adachikana, ndipo dzina la Jeanne lili pa kalata ya chigamulocho.

Pali kukhala chete kwina kumene sikuchokera kwa Mulungu, ndipo tonse tikudziwa. Ndiko kwa munthu wosunga chakukhosi. Sanena kanthu, koma mbale ya nsima aiika pansi mwamphamvu, chitseko achimenyetsa, ndipo wodwala akamuitana ayankha kachitatu. Wodwala amva zonsezi, pakuti munthu wogona pamphasa makutu ake ngakuthwa. Chete wotere ndi mlandu umene uli kudikira tsiku lake, ndipo kawirikawiri tsikulo likhala la maliro, pamene abale asonkhana ndipo zonse za zaka khumi zikhuthuka pamaso pa anthu. Tidziwa bwanji kuti chete wa Jeanne sadali wotere? Tidziwa chifukwa cha umboni wa atsikana aja. Atakalamba iwonso, adafunsidwa zimene akumbuka, ndipo adasimba za nkhalamba yansangala, yokonda kuyimba ndi kuyamika Mulungu pa tinthu tating'ono, imene inkawaphunzitsa kugwira okalamba mofatsa ndi kuwachitira ulemu. Mtima wosunga mangawa sungabisale zaka 27 pakati pa atsikana, akadauona. Jeanne adali atakhululuka.

Kodi mphamvu yake ankaitenga kuti? Iye mwini adaulula pophunzitsa anovisi. Ankawauza kuti pamene chipiriro chatha, ndipo munthu adziona kuti ali yekha wopanda mphamvu, apite ku chalichi kumene Yesu ali kumdikira, akamuuze zonse, ndipo atatero abwerere ku nchito yake osadera nkhawa. Tsono mau aja amene ankadzaza m'kamwa mwake sadawameze ai. Adali nako kokawatula. Ichi nchofunika kwa inu amene musamala odwala. Munthu sangasenze zowawa masiku onse popanda pozitula. Zituleni pamaso pa Ambuye m'Ukaristia, zituleni mu sakramenti la kulapa, ndipo ngati mtima ulemerabe, pezani munthu mmodzi wokhwima nzeru, wodziwa kusunga chinsinsi, mumuuze. Koma pachitsime ndi pachigayo si potulira.

Tinenepo pang'ono za nkhalamba zathu. Ena a inu musunga agogo amene ayamba kuiwala. Mwangowapatsa chakudya, mbale ikadali pomwepo, ndipo auza mlendo kuti lero sadalawe kanthu. Abisa ndalama m'nsalu, naiwala, nanena kuti mtengwa waba. Adzuka usiku nafuna kupita kwao, ku mudzi umene adachokako kalekale. Madokotala atiphunzitsa kuti awa ndi matenda a ubongo amene agwira anthu ena pa ukalamba. Si nkhanza, ndipo si ufiti. Kutsutsana nao nkosathandiza, chifukwa chimene aiwala achiiwaladi, ndipo mkangano ungowaonjezera mantha. Apa mpamene chete ali mankhwala. Akanena kuti sadadye, apatseni kambatata kapena kapu ya thobwa, nkhani ithe. Mau amene akubayani nao musawasunge, pakuti mwini wake sawakumbuka ngakhale dzuwa lisanalowe. Zoona, nzopweteka kutchedwa mbala ndi munthu amene uli kumtawasa; sitinena kuti nzopepuka. Koma kukhululukira munthu wotere kuli ngati kusesa pabwalo: usesa lero, mawa masamba agwanso, ndipo utenganso tsache.

Chimodzimodzi inu a m'miphakati amene muyendera odwala. Buku la Yobu lisimba kuti abwenzi ake atatu adakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu, poona kukula kwa masautso ake. Pamenepo adachita bwino. Adalakwa atayamba kulankhula, pofuna kumfotokozera chifukwa chimene Mulungu wamlangira, ndipo potsiriza Mulungu adawadzudzula. Wodwala safuna kuuzidwa kuti matendawo adza chifukwa cha machimo ake, kapena kumva za uje amene adadwala chomwecho namwalira. Khalani naye, mtungireni madzi, pempherani naye Korona ngati afuna, ndipo akayamba kulankhula mvetserani. Zimene mwaona m'nyumbamo, mphasa yonyowa, mabala a m'thupi, dzina la matenda, mkangano wa banja, zitsale momwemo. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Banja limene lamva chinsinsi chake chili kuyenda m'mudzi silidzatsegulanso chitseko kwa Akristu, ndipo wobvutika adzakhala wodwala uja.

Koma pano tichenjezane kolimba, kuti wina angatenge mbiri ya Jeanne Woyera naisandutsa chingwe chomangira pakamwa pa ofooka. Jeanne adakhala chete pa za ulemu wake; sadakhale chete pa za njala ya amphawi. Mukaona nkhalamba ili kumanidwa chakudya, kapena kulandidwa munda, kapena kunenedwa ufiti chifukwa cha imvi ndi kuiwala kwake, musati mutsanzira Woyera pokhala duu. Mukadziwa kuti mwana ali kuchitidwa zoipa, kapena mai ali kumenyedwa, kaya wochitayo ndi mbale wanu, kaya ndi mkulu wa mpingo, nenani kwa amfumu, kwa abambo mfumu a parishi, kwa apolisi. Ndipo wolakwiridwayo musamkakamize kuti akhululuke msanga pofuna kuti mlandu uzizire. Kukhululuka ndiko kuleka kufunira mnzako choipa ndi kumpereka m'manja mwa Mulungu. Sikuletsa chilungamo kuyenda. Pofuna kudziwa ngati muyenera kunena, dzifunseni: Ndikakhala chete, apwetekedwa ndani? Ngati ndi dzina langa lokha, ndingathe kulipereka kwa Mulungu. Ngati ndi munthu wosatha kudziteteza, ndiribe ufulu wokhala chete.

Tibwerere ku La Tour. M'zaka zake zotsiriza maso a Jeanne adachita khungu pang'ono ndi pang'ono, ndipo ankayenda ndi ndodo, atatsamira mkono wa novisi. M'chaka cha 1879 Papa Leo XIII adabvomereza malamulo a chipanicho, chimene pa nthawiyo chidali ndi asisitere 2,400 m'maiko ambiri. Pa 29 Ogasiti chaka chomwecho Jeanne adadwala mwadzidzidzi, nalandira sakramenti la kudzoza, namwalira ali kupemphera kwa Maria Virigo. Adali ndi zaka 86. Adamuika m'manda a asisitere monga sisitere wamba.

Mlandu suola. Madandaulo a kayendetsedwe ka chipani adafika ku Roma, ndipo atafufuza, m'chaka cha 1890 Bambo Le Pailleur adachotsedwa pa udindo, naitanidwa ku Roma, kumene adatsiriza moyo wao m'nyumba ya chipembedzo, kutali ndi chipani chija. Marie Jamet, amene adakhala Mai Mkulu pafupifupi zaka 50, asanamwalire adaulula yekha kuti woyamba sadali iye, koma Jeanne Jugan. Tisamuweruze mwaukali mai ameneyu: adaikidwa pampando ali mwana, nauzidwa kuti kumvera kufuna kuti atero, ndipo nayenso adasenza katundu wake wa chete, wolemera mwina kuposa wa Jeanne, pakuti unali chete wobisa choona. Pofika 1902 mbiri yoona idalembedwa, ndipo kalata ija ya mphotho ya Montyon, imene idasungika ku Paris zaka zonsezo, idachitira umboni.

Papa John Paul II adalengeza Jeanne Jugan kuti ndi Wodala pa 3 Okotobala 1982, ndipo Papa Benedict XVI adamlemba m'gulu la Oyera pa 11 Okotobala 2009. Eklezia amkumbuka pa 30 Ogasiti. Asisitere ake akali kusunga nkhalamba zosauka m'maiko ambiri, ndi mu Afrika momwe, ndipo akali kupempha chakudya chao monga adachitira iye. Kanyumba ka ku Saint-Servan kakadalipo. Alendo amene apitako akwera mmodzimmodzi pa makwerero opapatiza aja, nafika m'chipinda momwe Anne Chauvin adagona usiku woyamba.